Sopo ndi Ndiwo Zamasamba pa Nyengo ya Kolera

Mvula ikayamba kuno ku Kalikiliki, zimbudzi zimasefukira ndipo zonyansazo zimalowa m'zitsime zosaya. Mu January 2024 odwala kolera anadzaza Heroes Stadium, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka February.

Komatu akatswiri a zaumoyo anatiunikira kale. Pa mliri wa mu Lusaka wa 2003 ndi 2004, anafunsa odwala pamodzi ndi anansi awo osadwala. Anapeza kuti matendawa anagwira kwambiri anthu odya zamasamba zosaphika, pamene m'nyumba zokhala ndi sopo odwala anali ocepa.

Conco alimi, musathirire repu ndi kabici ndi madzi a m'ngalande. Amayi, ndiwo zizipsa bwino. Pamaliro tizithirana madzi posamba m'manja, tisapisenso manja tonse m'beseni limodzi.