ZA DZIMBIRI LAKUDYA MIPOPE YA MADZI

Inu eni mabanja a ku Manja ndi a m'midzi yozungulira Blantyre ndi Limbe, mudziwa nonse kuti khasu losiyidwa pamvula lifiira, ndipo likakhalitsa lidyeka. Chofiiracho ndicho dzimbiri. Pa khasu lioneka msanga, koma m'mipope ya madzi lidya mobisika monga nankafumbwe m'nkhokwe. Chifukwa chache tiyenera kulifunafuna lisanaboole chitsulo.

Chiyambi chache

Dzimbiri libadwa pokomana zinthu zitatu: chitsulo, madzi ndi mpweya. Mukachotsapo chimodzi, lilephera. Mchere ndi madzi owawasa zilifulumiza. Momwemonso dothi losauma, ndowe ndi feteleza. Ndiponso zitsulo ziwiri za mitundu yosiyana zikalumikizana m'madzi, china chidyeka kopambana. Mwa ichi mpope wachitsulo womangidwa ku mpope wamkuwa uola msanga pamfundo pomwepo.

Osula apeza nzeru m'menemo. Avika chitsulo m'zinki, monga achitira ndi malata a denga, pakuti zinkiyo iyamba kudyeka, nisunga chitsulo cham'kati. Koma zinki ikatha, chitsulo chitsala chamaliseche.

Umo achitira a nchito zazikuru

Madzi ambiri a mzinda uno atungidwa mu Shire pa Walker's Ferry, napopedwa ndi makina ulendo wa makilomita ngati 40, kukwera mamita ngati 800; ena achokera ku damu la Mudi, ndipo kuyambira 2019 enanso atsika ku Likhubula, m'phiri la Mulanje. Tsono dontho lililonse lotayika pabowo la dzimbiri ndilo dontho logulidwa ndi magetsi.

M'maiko onse, osunga mipope yaikuru ya madzi, ya mafuta ndi ya gasi aikuta ndi phula kapena utoto wolimba. Ndipo akwirira pambali pache zigawo za zinki kapena magnesium zolumikizidwa ndi waya, kuti zidyeke m'malo mwa mpope. Nzeru iyi anaiyesa Humphry Davy pa zombo za ku England m'chaka cha 1824. Koposa zonse saleka kuyang'anira: ayesa kuchindikala kwa chitsulo nthawi ndi nthawi, nalemba m'buku, kuti adziwe ngati chilikuchepa.

Za mijigo

Mijigo ya mtundu wa India Mark II ili ndi mipope yachitsulo yovikidwa m'zinki, ndipo m'madzi owawasa, amene pH yao ichepera 6.5, idyeka msanga. Mjigo wa Afridev, umene mudziwa m'midzi yambiri, unachokera ku mjigo wa Maldev woyesedwa kuno ku Malawi m'zaka zoyamba za m'ma 1980. Mipope yache nja pulasitiki, yosachita dzimbiri. Koma ndodo zache nzachitsulo. Pogula zina, komiti ifune za chitsulo chosachita dzimbiri, zingakhale zikwera mtengo; pakuti ndodo ikaduka, akazi abwerera ku zitsime zosatetezedwa, ndipo kolera ipeza khomo.

Zimene muzichita

1. Yang'anani madzi oyamba a m'mawa m'ndowa yoyera. Akatuluka ofiira, nayera mutapopa kanthawi, dzimbiri lili mumpope. Koma akatuluka oyera, nafiira atakhala m'ndowa, chitsulocho chichokera m'nthaka, ndipo mpope ulibe mlandu.

2. Ngati muli ndi mita, tsekani mipope yonse, lembani manambala, nimuwerengenso litapita ora limodzi. Akasuntha, madzi alikutayika pena. Funani pamene udzu ubiriwira m'chilimwe.

3. Madzi akayamba kudza pang'onopang'ono kwa inu nokha, anansi ali kutunga bwino, kapena dzimbiri latsekereza mpope m'kati. Itanani mmisiri.

4. Musaunjike zinyalala, ndowe kapena phulusa pa mpope, ndipo musaupititse pansi pa khola.

5. Thanki yachitsulo ndi botolo la gasi zikhale pamalo ouma, zosakhudza dothi. Yang'anani kunsi kwache, pakuti dzimbiri liyambira komweko. Botolo lodyeka mulibwezere kwa wogulitsa. Musayese kulikonza nokha. Pofuna pamene gasi atuluka, pakani thovu la sopo. Musayese ndi moto.

6. Mukaona dzimbiri kunja, lipaleni kufikira chitsulo chiwala, chiume, ndipo mupake utoto kawiri. Utoto wopakidwa pamwamba pa dzimbiri ungolibisa.

7. Mpope wamumseu ukaphulika, uzani a Blantyre Water Board tsiku lomwelo; musanene kuti si wanu.

Sankhani tsiku limodzi pa mwezi la kuyendera izi zonse, ndipo musalekerere makamaka mvula isanayambe ndi itatha. Mulembe chimene mwaona m'kabuku, pamodzi ndi tsiku lache, kuti mwana wanu wamkuru adziwe posunga nchitoyi inu mutachoka paulendo.