Mbaula ikhale kuseri kwa nyumba, a Mzuzu anzanga

Juni akangolowa, ife a ku Mzuzu timasanduka akaidi m'nyumba zathu zomwe. Ikamakwana 5 koloko madzulo nkhungu yatsika kale, mawawa ayamba, ndipo kuyambira ku Chibavi, Zolozolo mpaka ku Mchengautuwa aliyense watseka chitseko ali mu jekete la pakaunjika. Kuseri kwa nyumba, kumene tinkachezera mu Okutobala, timakusiyira agalu, zitini ndi ndere.

Kuzizira kwa kuno si nthabwala ayi. Mzindawu uli pamwamba, mamita oposa 1,200 m'mapiri a Viphya, ndipo usiku wa mu Julayi kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Koma chodabwitsa n'chakuti malo ano, amene anayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940 nakhala mzinda mu 1985, timawamangabe ngati tili ku Nsanje: bwalo la pambalambanda, popanda pobisalira mphepo.

Zotsatira zake ndinaziona ndekha. Zaka zingapo zapitazo ndinkachita lendi kachipinda ku Chibavi, ndili ndi mphwanga yemwe ankakonzekera mayeso a MSCE, amene kawirikawiri amagwa m'miyezi yomweyi. Tsiku lina titaphika tinalowetsa mbaula m'nyumba, n'kutseka ndi sanza pansi pa chitseko kuti mnyamata awerenge pofunda. Ndinadzidzimuka pakati pa usiku mutu ukuwawa ngati ung'ambika, miyendo ikukana, mphwanga akusanza. Anatipulumutsa ndi mayi a nyumba yoyandikana nayo, amene ankalawirira kukazinga mandasi. Atamva kubuula anakankha chitseko, natikokera panja pa chisanu pomwepo. "Inu achimwene, makala sagona m'nyumba!" Mawu awo anali omwewo basi.

Manyazi anandigwira, chifukwa ngakhale ku yunivesite ndinasiyira panjira, izi zokha ndinaziphunzira. Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka komanso wosanunkha, umene magazi athu amaugwira mwamphamvu kuposa oxygen maulendo oposa 200. Munthu amangoona ngati ndi tulo. Ena sadzukanso.

Tsono kumangouza anthu kuti musalowetse mbaula m'nyumba n'kutaya malovu, ngati panja palibe pokhala. Mayi amene wakhala tsiku lonse akugulitsa tomato mumsika angapite kukaphikira pamatope, mphepo ikumumenya kumsana? Nkhani ili pokonza kuseriko, ndipo sizilira ndalama zambiri monga ena amaganizira.

Yambani mwaona kumene mphepo ikuchokera. M'miyezi ino imawomba kuchokera kummwera chakum'mawa, mwera womwe uja umavutitsa asodzi ku Nkhata Bay. Dzuwa lokha nyengo ino limadzera chakumpoto. Ndiye mpanda wanu, kaya wa bango, wa nsungwi kapena wa matabwa otsala pocheka amene amachokera ku Chikangawa, uzikhala kummwera ndi kum'mawa, kumpoto kukhale kotsegula kuti dzuwa lilowe. Ndaona anthu ambiri akuchita zosemphana, kutchinga dzuwa n'kusiyira mphepo khomo, kenaka n'kumati chisakasa n'chopanda ntchito. Ine ndinaimirira kuseri masiku atatu ndi kansalu pandodo ndisanakumbe dzenje ngakhale limodzi, mpaka ana a pamenepo anayamba kunong'onezana kuti mutu wanga sukuyenda.

Pamwamba, malata akale atatu kapena anayi akwana, bola mbali ziwiri zikhale zosatseka kuti utsi uzituluka. Mukatseka mbali zonse mwamanganso kachipinda kanga ka ku Chibavi kaja. Mbaula nayo italikirane ndi mpanda, pajatu bango louma ndi moto sizimvana. Pansi thirani zidutswa za njerwa ndi mchenga, musinje bwino, ndipo mukumbe kangalande kochotsa madzi a kubafa ndi a pathandala. Kuno nthaka siuma msanga, ndipo ndere zagwetsa agogo ambiri.

Zamasamba sindichulutsa gaga. Mpiru, repu, kabichi ndi nsawawa zimakonda nyengo yozizira, ndipo m'matumba akale a feteleza mphepete mwa mpanda zimakula bwinobwino ndi madzi otsukira mpunga.

Kwa inu a bizinesi, amene mumawerenga tambala iliyonse, palinso phindu lina. Mbaula ya pamphepo imanyeketsa makala ngati udzu, pamene ya pamalo otchingidwa imasunga moto. Kuyambira pamene ndinamanga kachisakasa kanga, thumba la makala likumandifikitsa patali kusiyana ndi kale. Amene ali ndi nkhuni angagule Chitetezo mbaula, ija yadothi, imene imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa. Tisamayiwale kuti thumba lililonse lili ndi kochokera. Aliyense woyang'ana ku nkhalango ya Kaning'ina akuona yekha mmene mitengo yapitira, ndipo lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020 pofuna kuthana ndi kuwotcha makala popanda chilolezo.

Vuto lalikulu ndi eni nyumba. Ambiri adzaza poloti yonse ndi tizipinda ta lendi mpaka kukhudza chimbudzi, ndipo ukapempha kukhoma mtengo umodzi amakuyang'ana ngati ukufuna kulanda malo. Ophunzira amene mukuchita lendi ku Luwinga pafupi ndi Mzuni mukudziwa zimene ndikunena: anthu asanu ndi mmodzi, khonde palibe, aliyense ndi mbaula yake m'chipinda. Gwirizanani, sonkhani, mukalankhule nawo pamodzi. Munthu mmodzi amabwezedwa mosavuta.

Kwathu tsopano madzulo timakhala kuseri, mbatata ili paphulusa, tiyi wa Chombe ali mu ketulo, bawo ili pakati. Mayi a mandasi a komwe ndikukhala panoku anasamutsiranso chiwaya chawo pomwepo. Sabata yatha bambo eni nyumba anadutsa, nakhala pabenchi kuwotha moto kwa ola lathunthu, nadya mbatata ziwiri. Ponyamuka anati malo ano akongola zedi, mwezi ukatha tikambirane za lendi.