Kusamutsa Fakitale Sikuyeretsa Mtsinje

Ntchito yofufuta zikopa imapindulitsa maiko ambiri oweta ng'ombe ndi mbuzi, pakuti m'zikopamo ndimo muchokera nsapato, malamba ndi zikwama. Komabe akale adati walira mvula walira matope. Ntchitoyi imafuna madzi ochuluka, mchere, laimu ndiponso mankhwala a chrome, ndipo mwa tani imodzi ya zikopa zaziwisi, zofufutidwa bwino zimene zimatuluka sizifika ngakhale theka. Zotsalazo ndi ubweya, mafuta, zidutswa ndi madzi oipa. Funso limene tiyenera kudzifunsa ndi lakuti: kodi zonsezi zimapita kuti?

Zimene zidachitika ku Bangladesh zikutiyankha momvetsa chisoni. Kwa zaka makumi ambiri, pafupifupi mafakitale onse a zikopa m'dzikolo adali m'dera la Hazaribagh mumzinda wa Dhaka, ndipo ankakhuthulira zonyansa zawo mumtsinje wa Buriganga. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la m'chaka cha 2012 lidati malita pafupifupi 21 miliyoni a madzi oipa ankatayidwa tsiku lililonse osayeretsedwa, ndipo antchito ambiri ankadwala matenda a pakhungu ndi a m'chifuwa. M'chaka cha 2013 bungwe la Blacksmith Institute lidaika Hazaribagh m'gulu la malo 10 oipitsidwa koposa padziko lonse lapansi.

Boma la dzikolo lidayamba m'chaka cha 2003 kukonza malo atsopano ku Savar, kunja kwa mzindawo, koma eni mafakitale adazengereza kusamuka kufikira m'chaka cha 2017 pamene Bwalo Lalikulu la milandu lidalamula kuti awadulire magetsi, gasi ndi madzi. Tsoka lake nlakuti adasamuka makina oyeretsera madzi asanathe kumangidwa bwinobwino. Makinawo adakonzedwa kuti aziyeretsa malita 25 miliyoni pa tsiku, koma nyengo imene zikopa zimachuluka madzi oipa ankapitirira pamenepo. Motero zonyansa zimene zidapha Buriganga zidayamba kulowa mumtsinje wa Dhaleshwari, kotero kuti m'chaka cha 2021 komiti ya Nyumba ya Malamulo idapempha kuti malowo atsekedwe.

Tikunenetsa kuti vuto silidali malo ayi, koma kagwiridwe ka ntchito, pakuti njira zochepetsera zonyansa nzodziwika kale. Choyamba, mchere wosungira zikopa ukhoza kukung'unthidwa zikopazo zisanaviikidwe m'madzi, ndipo ngati kophera nyama kuli pafupi, zikopa zikhoza kusungidwa pozizira popanda mchere. Chachiwiri, ubweya ukhoza kuchotsedwa wathunthu ndi kusefedwa m'malo mousungunula ndi mankhwala. Chachitatu, popeza chikopa sichimwa chrome yense, madzi ake ayenera kudutsa m'ngalande yawoyawo. Akathiramo magnesium oxide, chrome amadikha pansi ngati matope, ndipo akamsungunulanso ndi asidi amagwiranso ntchito. Apa mwini fakitale amapulumutsa mtsinje pamodzi ndi ndalama zake zomwe.

Palinso njira yakale yofufutira ndi makungwa a mitengo. Mtengo wa wattle umadzalidwa ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Njombe m'dziko la Tanzania chifukwa makungwa ake amatulutsa mankhwala ofufutira. Njirayi imachedwerapo, ndipo madzi ake nawonso amafunika kuyeretsedwa, koma ilibe chrome.

Tisaganize kuti ukhondo umawononga malonda. Makampani ambiri a ku Ulaya ndi ku America amafuna zikopa zochokera kumafakitale ovomerezedwa ndi bungwe la Leather Working Group, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2005. Kusowa kwa chiphaso chimenechi kudachititsa mafakitale ambiri a ku Savar kugulitsa zikopa zawo pamtengo wotsika.

Tsono chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tikupempha akuluakulu onse amene ali ndi udindo wovomereza mafakitale kuti asalole chikopa ngakhale chimodzi kulowa m'mgolo makina oyeretsera madzi asanayesedwe ndi kuoneka kuti ngokwanira. Aphunzitsi nawonso awauze ana kuti mtengo wa nsapato suwerengedwa m'ndalama zokha, pakuti mbali ina imalipiridwa ndi asodzi, alimi ndi amayi amene amatunga madzi kunsi kwa mtsinje.