Kodi N'ciani Cimakondweretsa Munthu pa Nchito? Nkhani ya ku Migodi

 Lero ulendo wathu ndi wa ku Copperbelt, cigawo ca migodi ya mkuwa. Aphunzitsi, ngati muli ndi mapu a Zambia, apacikeni pa bolodi, ndipo muonetse ana mizinda inai iyi: Luanshya, Kitwe, Mufulira ndi Chingola.

Munthu wolima m'munda wa banja lace safunsa cifukwa cace agwira khasu, pakuti cimanga cimene acilima adzacidya yekha ndi ana ace. Koma pa kampani yaikulu si momwemo ai. Anchito ali zikwi zambiri, eni ace a cuma ali kutali, ndipo mkuwa sudyedwa. Nanga n'ciani cimene cimacititsa munthu kudzuka m'mamawa tsiku ndi tsiku, ndi kutsikira mumdima pansi pa nthaka, osathawa? Ambiri a inu muyankha kuti ndi ndalama. Mwayankha bwino, koma tamverani zimene zinacitika.

Migodi yaikulu ya m'mizinda inai ija inayamba kutulutsa mkuwa pakati pa 1931 ndi 1939. Inali m'manja mwa makampani awiri: Anglo American, imene inali ndi Nkana ndi Nchanga, ndi Rhodesian Selection Trust, imene inali ndi Roan Antelope ku Luanshya ndiponso Mufulira. Vuto lao loyamba linali lakuti anchito sanali kukhalitsa. Ku Luanshya anthu anali kufa ndi malungo ndi nthenda za m'mimba, ndipo mbiri inamveka kuti mumtsinje wa Luanshya muli cinjoka cacikulu cimene cikutha anthu. Munthu anali kugwira nchito mwezi umodzi kapena iwiri, basi wamanga katundu usiku. Pamenepo kampani inaitana katswiri wa malungo, Sir Malcolm Watson. Iye analangiza kuti akumbe ngalande, aumitse madambo ndi kulambula mtsinje kuti udzudzu usowe poswera. Imfa zinacepa kwambiri, ndipo za cinjoka cija zinaleka kumveka.

Makampani anapitiriza. Anamanga makomboni ndi zipatala, nagawa cakudya ca phoso: ufa, nyama, nyemba, nshawa ndi mcere. Analolanso amuna kubwera ndi akazi ao, cinthu cimene sicinali kuloledwa kwa anchito ambiri a m'migodi ya golide ku Johannesburg, kumene amuna anali kugona okhaokha m'nyumba zazikulu. Anthu anabwera kucokera kumpoto, kumadzulo, kuno kum'mawa ndi ku Nyasaland komwe. Mu 1931 ku Roan Antelope anaika akulu a mitundu, kuti Mbemba akadandaule kwa mkulu wa Cibemba, ndi Mngoni kwa mkulu wa Cingoni. Eni migodi anaganiza kuti tsopano anchito ao ali okondwa.

Koma m'mwezi wa May 1935 anchito ananyanyala nchito, poyamba ku Mufulira, kenaka ku Nkana, pomaliza ku Luanshya, kumene apolisi anaombera anthu napha 6. Cimene cinayatsa moto ndi msonkho umene boma la atsamunda linakweza mwadzidzidzi. Komabe nkhuni zinali zouma kale.

Pano ndifuna mumvetse bwino, cifukwa ndi pamene pagona nkhani. Pansi pa mgodi malamulo anali kuperekedwa m'Cikabanga, cinenero cosakaniza cocokera ku migodi ya kumwera, cimene cinali ndi mau ambiri olamula koma ocepa opepesa. Bambo wa imvi, wa ana asanu, anali kuchedwa "boyi" ndi mnyamata wacizungu wofika dzulo. Ena anali kutukwanidwa, ena kumenyedwa kumene. Ndiponso nchito zonse za luso ndi za malipiro abwino zinasungidwira Azungu okha, kotero kuti munthu wakuda, ngakhale adziwe makina monga adziwira dzanja lace, sakanakwera kupitirira ukapitao. Taganizani, ana inu: mukanamva bwanji mukadakhoza mayeso caka ndi caka, koma n'kuuzidwa kuti simudzacoka mu Giredi 3 cifukwa ca khungu lanu? Kodi mbale ya nsima ikanakutonthozani?

Mu 1940 anchito acizungu ananyanyala, nawonjezeredwa malipiro. Anchito akuda atacita cimodzimodzi, asilikali anawaombera ku Nkana, ndipo anthu 17 anafa. Akulu a mitundu aja sanathandize kanthu, pakuti anchito anali kuwaona ngati makutu a kampani. Cotero mu 1949 anchito anapanga bungwe lao la African Mineworkers' Union, mtsogoleri wace ndiye Lawrence Katilungu. Mu 1952 ananyanyala kwa masabata atatu mwabata, popanda kukhetsa mwazi, ndipo malipiro anakwezedwa. Caka cotsatira anavota kuti akulu a mitundu acotsedwe. Kuyambira pamenepo, dandaulo la wanchito linali kufika pa tebulo la bwana kupyolera mwa munthu amene anchito anamsankha okha.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mpanda wa khungu unayamba kugwa, ndipo ana a dziko lino anaphunzitsidwa nchito zimene kale anali kuziona patali. Mu 1969 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza ku Matero kuti boma lidzatenga magawo 51 pa 100 a migodi. Mu 1982 migodi imene kale inali ya makampani awiri aja inaphatikizidwa kukhala Zambia Consolidated Copper Mines, imene onse anali kuichula kuti ZCCM.

Munthu amene sanaone ZCCM savomera msanga zimene akuluakulu amasimba. Kampani inali kupatsa wanchito nyumba, madzi ndi magetsi. Mwana anali kubadwira m'cipatala ca mgodi, ndipo matewera ace oyamba anali ocokera ku kampani. Kunali masukulu a mgodi, makalabu a amai ophunzirako kusoka ndi kuphika, malo osambira, ndi mabwalo a masewera. Munthu akamwalira, kampani inali kuthandiza pa maliro. Matimu a mpira monga Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers, Roan United ndi Nkana Red Devils anali kuleredwa ndi migodi, ndipo Kalusha Bwalya, amene anasankhidwa kukhala katswiri wa mpira mu Africa monse mu 1988, anakulira ku Mufulira nasewerera Wanderers. Wanchito wa m'masiku amenewo ponena kuti "mgodi wathu" anali kunena ndi mtima wonse.

Sindinena kuti kunalibe misozi. Pa 25 September 1970 matope ocuruka anaboola nthaka nalowa mumgodi wa Mufulira usiku, ndipo anchito 89 anafera pansi. Mkazi wa wanchito wa pa mgodi sanali kugona bwino kufikira atamva mapazi a mwamuna wace pakhomo, ngakhale nyumbayo inali ndi magetsi aulere.

Panalinso ngozi ina imene ambiri sanaione. Zabwino zonse zija zinali zomangirira pa cingwe cimodzi, ndico mtengo wa mkuwa ku maiko akunja. Mtengowo unagwa mu 1975, ndipo unakhala pansi zaka zambiri. Makina anakalamba popanda ndalama zogulira ena. Dziko limene ca m'ma 1970 linali kutulutsa matani opitirira 700,000 pa caka, mu 2000 linatulutsa osafika 300,000. Pakati pa 1997 ndi 2000 migodi inagulitsidwa kwa makampani osiyanasiyana, ndipo ogulawo anafuna mkuwa, sanafune kusenza zonse zimene ZCCM inasenza. Anchito zikwizikwi anacotsedwa. Ambiri anagula nyumba zimene anali kukhalamo, koma madzi, magetsi ndi mankhwala tsopano zinafuna ndalama. Ku Luanshya, kumene tinayambira, mgodi unagulitsidwa mu 1997 ndipo unaima mu 2000. Mabanja amene sanalimepo anayamba kufuna minda m'thengo, ena kuotcha makala. Pambuyo pace mtengo wa mkuwa unakweranso, migodi inatsegulidwa, koma anchito ambiri analembedwa ndi makontilakita, pa mapangano a nthawi yocepa.

Aphunzitsi, nayi nchito ya sabata lino. Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli agogo amene anagwirako nchito ku migodi, kapena amai amene analerera ana m'komboni. Ana apite awiriawiri, apereke moni mwaulemu, ndipo afunse mafunso atatu: anali kugwira nchito yanji, n'ciani cinawakondweretsa koposa, ndipo ndi tsiku liti limene anafuna kuleka nchito. Alembe mayankho m'makope ao monga momwe agogowo ananenera, osasintha mau, ndipo adzawawerenge m'kalasi Lolemba.