Kodi Wantchito Amadziwa Msinkhu wa Luso Lake?

Nyengo yosankha fodya ikafika kuno ku Chifunde, kuyambira ku Mualadzi kufikira kuchipata cha Cassacatiza, m'zigafa mumamveka mawu amodzimodzi. Mnyamata wobwera kudzapempha ganyu akafunsidwa ngati amatha kusankha, sazengereza kuvomera. Mwini munda amampatsa ntchito, ndipo choona chimadzaululika kumsika, belo litamasulidwa: masamba apansi asakanikirana ndi apamwamba m'ndindi imodzi, giredi yatsika, thukuta la chaka chonse lagulidwa motchipa.

Timafulumira kunena kuti mnyamatayo ananama. Ife tikuona kuti kawirikawiri sananame. Iye amakhulupiriradi kuti amatha.

M'chaka cha 1999, David Dunning ndi Justin Kruger a pa yunivesite ya Cornell ku America anapatsa ophunzira mayeso a galamala ndi a kaganizidwe, kenaka anawafunsa kuti akudziika pati pakati pa anzawo. Amene anakhoza pang'ono kwambiri ankaposa anthu 12 okha pa 100 alionse, koma iwo ankadziyesa oposa 62. Chifukwa chimene awiriwa anapereka nchakuti luso logwirira ntchito ndi lomwelo limene munthu amaonera zolakwa zake. Diso limene silisiyanitsa mtundu wa tsamba silingaonenso kuti ndindi yasakanikirana. Ena mwa ophunzirawo ataphunzitsidwa pang'ono, anayamba kudziyesa moyenera.

Mbali ina ndi imene imatimvetsa chisoni. Amene anakhoza kwambiri anadziika pansi, poganiza kuti chimene chawapepukira iwo chapepukiranso aliyense. Tonse timawadziwa amayi otere, osankha fodya zaka makumi awiri, amene ukawayamikira amangoti, "Aa, nanga imeneyi ndi ntchito?" Pokambirana malipiro salankhula, ndipo wodzitama uja ndiye amatenga ukapitawo.

Komabe wosankha fodya ali ndi mwayi, pakuti msika umamdzudzula chaka chomwecho (ngakhale wogula nayenso ndi munthu, amaphonya). Nanga mphunzitsi, kalaliki wa mu ofesi, kapena ife olalikira? Mwambo wathu salola kuuza wamkulu pamaso kuti walephera. Munthu angathe kugwira ntchito zaka khumi akumva "zikomo" yekhayekha, namawerenga ulemu umenewo ngati umboni wa luso.

Alimi ena anapeza njira yawo. Sayamba ndi funso lakuti "kodi umatha?" Amathira mulu wa masamba pamphasa, namuuza mlendoyo kuti amange ndindi zisanu, mayi wodziwa uja atakhala pambali.