Kawaya kamodzi kanatsala pang'ono kutimanitsa mpira wa Morocco

Ife amene tinali ana pamene Television Malawi inkayamba mu 1999 timadziwa kuti eliyo inali ntchito yathu. Akuluakulu ankaimangirira kunsonga ya nsungwi, iwe n'kumaizunguza panja wina akukuwa m'nyumba: "Pang'ono! Bwezera! Basi, pomwepo!" Ndiye nditabwera kuno ku Manchester ndinkadzitenga ngati katswiri pa za eliyo.

Mu December 2022 tinasamukira m'nyumba ina ya lendi, intaneti asanatilumikizire. Lachitatu pa 14, Morocco, timu yoyamba ya mu Africa kufika mu semifainolo ya World Cup, inkakumana ndi France 7 koloko madzulo pa BBC One. Ndinali nditaitana mabanja atatu a kutchalitchi. Mayi a kunyumba anali atagula kale ufa ndi nkhuku. Ngakhale laisensi ya TV, imene nthawi imeneyo inali £159 pachaka, ndinali nditaisinthira ku adiresi yatsopano. Cha m'ma 3 koloko ndinayatsa TV: "No signal."

Kulakwa koyamba kunali kwanga. Pakhoma la pabalaza panali timabowo tiwiri. Kena kali ndi mizere yopotokolera ngati bawuti, ndipo pulagi yake amaitcha F connector, yomweyi mumaiona kumbuyo kwa dikoda ya DStv kumudzi kapena ku Joni. M'nyumba zambiri kuno kameneka kamapita ku dishi. Kinako n'kosalala, pulagi yake umangoikankhira, amati Belling-Lee, ndipo ndi kamene kamapita ku eliyo ya padenga yokoka Freeview. Ine ndinali nditaika chingwe ku kabowo ka dishi, n'kulumikiza ku TV ndi ka adaputala. Zolowa zinalowa ndithu, koma malo a eliyo pa TV samva chilankhulo cha setilaiti.

Ndinathamangira kushopu kukagula chingwe cha coaxial cha mamita asanu ndi mapulagi awiri. Ndinasenda ndi mpeni wa kukhitchini, kumanga, kulumikiza. Zii. Munthu woika ma eliyo amene ndinamuimbira anati mpata ali nawo Lachisanu, ndipo mtengo umene anatchula unali pafupifupi malipiro anga a shifiti yonse.

Apa mtima wa pansungwi uja unabwerera, ndinafuna kukwera padenga. Sabata imeneyo kunkazizira koopsa, matailosi ali ndi ayezi. Mayi a kunyumba anangoti: "Bambo a Chisomo, mukagwa ine ndikawauza chiyani amayi anu? Kuti mwapita chifukwa cha mpira?" Komanso denga ndi la landilodi, sungaligwire popanda chilolezo. Ndinangoima pamsewu n'kuyang'ana m'mwamba. Eliyo yathu pachumuni inaloza komwe zinaloza za maneba onse, ku Winter Hill cha ku Bolton, kumene kuli mlongoti wotumiza chithunzi kudera lino. Ngati yanu yaloza limodzi ndi za anzanu, vuto lifuneni pansi kaye.

Mlendo woyamba kufika anali bambo wina wachikulire wa ku Ntcheu, amene anagwirako ntchito yoika madishi ku Johannesburg. Sanavule ndi jekete lomwe. Anamasula pulagi yanga, kuiyang'ana pagetsi, n'kuseka.

"Achimwene, bwerani muone. Mukukaona aka?"

Kanali kawaya kamodzi kopyapyala ngati tsitsi.

Chingwe cha coaxial chili ndi magawo anayi: waya wakopa pakati, pulasitiki yoyera yomukuta, kenako timawaya toluka ngati nkhata, nthawi zambiri pamodzi ndi kapepala konyezimira, ndipo kunja chikopa. Chithunzi chimayenda m'waya wapakati. Timawaya tolukato timatchinga zosokoneza zochokera kunja, ndipo tiyenera kugwira thupi la pulagi basi. Kamodzi kokha kakakhudza waya wapakati, chithunzi chimafera pomwepo. Ku dishi n'koopsa kuposa apa, chifukwa dikoda imatumiza magetsi a 13 kapena 18 volts m'chingwe chomwecho kupita ku kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi.

Madala aja anadula nsonga n'kuyambiranso. Anasenda chikopa pang'onopang'ono osacheka timawaya, kutipindira kumbuyo tonse, kenako kusenda pulasitiki yoyera osakanda waya wakopa. Waya wapakati anamupinda pang'ono kuti akagwire bwino m'kachitsulo ka pulagi. Anapezanso kuseri kwa katani kasipulita kakale kogawira chithunzi kuchipinda cham'mwamba. Anakachotsa. Akuti kotere kamagawa mphamvu pawiri, ndiye eliyo ikakhala yofooka TV zonse ziwiri zimangothyokathyoka. Chingwe anachiyala mosachipinda mwamphamvu pakona, poti chikathyoledwa m'kati chimawonongeka ngakhale kunja chikuoneka bwinobwino.

Tinauza TV kuti isake yokha matchanelo. Mzere uja unkayenda ngati nkhono, ana atazungulira, nsima ili pamoto. Itangodutsa 6 koloko, BBC One inatulukira, nyumba yonse m'manja.

Mpirawo mukuudziwa mmene unathera. Theo Hernandez anagoletsa pa mphindi yachisanu, France inapambana 2-0, ndipo nkhuku tinaidya mwakachetechete. Madala potsanzika anatola kawaya kaja patebulo n'kundiika m'dzanja. Mpaka lero kali m'kabati, m'kabotolo ka mankhwala a mutu.