Kodi Tenda Ailembe Ndani, Mwini Malonda Kapena Mlembi Wolipidwa?

Akuluakulu a ku Mangochi akumbukira masiku aja boma lawo lidali kutchedwa Fort Johnston, pamene munthu wosadziwa kulemba ankapita kwa mphunzitsi kapena kwa kalaliki kuti amlembere kalata yonka kwa mbale wake ku migodi ya ku Joni. Lero kalata yotere mwini ailemba yekha pa foni, koma ntchito ya mlembi siidafe ayi. Chimene anthu afuna kuti ena awalembere tsopano ndicho tenda, ndiye kuti mapepala amene wamalonda apereka ku ofesi ya Boma popempha kuti amgule katundu kapena ampatse ntchito. Mapepalawa akachuluka anthu awatcha "matenda," ndipo amene adatayapo ndalama ati dzinalo lidakhoza.

Zipatala, masukulu ogonera, ndende ndi khonsolo zigula chimanga, nyemba, nkhuni, nsomba zouma, madesiki ndi simenti chaka ndi chaka. Pakuti ndalama zake ndi za msonkho wa anthu, kagulidwe kake kadaikidwira lamulo m'chaka cha 2003, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la PPDA kuti liyang'anire ntchitoyi m'malo mwa ofesi ya ODPP. Mu 2020 Boma lidaonjezapo dongosolo lokondera amalonda ang'onoang'ono. Chotero khomo lidatseguka kwa mayi wa chigayo ku Namwera ndi kwa kalipentala wa ku Monkey Bay. Chovuta nchakuti mapepala ake ali m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chake ndi cha malamulo.

Apa ndipo mlembi wodziwa ntchito apindulitsa womlemba. Anthu ambiri aganiza kuti tenda igwa chifukwa cha mtengo, koma kawirikawiri igwa mtengo wake usadaonedwe nkomwe. Oyesa ayamba ndi kuona ngati pali chiphaso cha kaundula wa bizinesi, chiphaso cha PPDA, ndi kalata ya MRA yotsimikiza kuti munthuyo alibe mangawa a msonkho. Aonanso ngati masiku a ziphasozo sadathe, ndi ngati mwini adasaina paliponse pofunika. Chimodzi chikasowa, tenda yonse ikhoza kuikidwa pambali. Bokosi nalo litsekedwa pa ola lake, ndipo wochokera ku Makanjira nthawi ya dzinja, ngakhale afotokoze bwanji za matope a pa njira, envulopu yake siilandiridwa akachedwa. Munthu amene wazolowera zinthu izi sazilakwa, ndipo malipiro ake sali akuba.

Koma tsono pali chinthu chimene mlembi wa m'tauni sangachidziwe, ndicho mtengo weniweni wa katundu. Tiyerekeze munthu wolonjeza kupereka usipa ku sukulu yogonera chaka chathunthu. Iye adziwa kuti mwera ukaomba m'miyezi yozizira asodzi salowa m'nyanja, kuti mwezi ukawala nyali zawo sizikopa nsomba, ndi kuti masiku amenewo chidebe chikwera mtengo padoko. Adziwanso za galimoto, mafuta, ndi nsomba zoonongeka m'njira. Mlembi, pofuna kuti womlemba apambane, achepetsa mtengo papepala, osalabadira kuti mtengowo umanga mwini masiku onse amene mapepala atchula. Amene adalemba mitengo kwacha isadatsitsidwe ndi magawo 25 pa 100 m'mwezi wa May 2022, kapena ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, adaona okha kuti munthu akhoza kupambana tenda nasauka nayo. Tisaiwalenso kuti Boma lilipira katundu atafika, osati asadafike. Wamalonda ayenera kukhala ndi mpamba wodikirira. Zonsezi zikachitika mlembi adalandira kale zake, ndipo dzina losainidwa pansi ndi la mwini.

Choopsa choposa ndi mlembi wosakhulupirika. Alipo amene alembera anthu atatu opikisana pa ntchito imodzi, nadziwa mitengo ya onse. Alipo opanga ziphaso zabodza. Alipo onena kuti ali ndi munthu wawo mkati, napempha kangachepe kokamthokozera. Kupangana mitengo ndi kupereka mapepala abodza kukhoza kuchititsa kuti PPDA imletse wamalonda kugulitsanso ku Boma kwa nthawi, ndipo nkhani ya chiphuphu ipita ku bungwe la ACB. Sikudzathandiza kunena kuti adalemba ndi wina.

Awerengi athu a tsamba lino nkhaniyi iwakhudza kwambiri, pakuti mphunzitsi ndi wantchito wa Boma ndiwo amene malume kapena mlamu athamangirako ndi mapepala m'manja. Kumasulira mbale Chingerezi chovuta si mlandu. Koma amene akhala m'komiti yogula zinthu, kapena agwira ntchito mu ofesi imene yaitanitsa tendayo, ayenera kukana, ndipo mbale wake akapikisana nawo, anene poyera natuluke m'zokambiranazo. Kukana malume nkowawa, tidziwa, koma ntchito ndi penshoni ya zaka zambiri zili pamenepo.

Ife maganizo athu ndi awa. Pa zinthu zazing'ono, pamene ofesi ingopempha mitengo kwa amalonda angapo, pepala lake ndi lalifupi, ndipo kulipira mlembi nkutaya ndalama. Pa tenda yaikulu, makamaka yoyamba, nkwanzeru kufuna thandizo, malinga mwini akhale pambali pa mlembiyo, awerengere yekha mitengo, amve tanthauzo la tsamba lililonse asadasaine, ndipo asunge kope lake kunyumba. Malipiro apangane a ntchito yolembayo basi, osati gawo la kontrakiti. Tsiku lotsegula bokosi apite yekha, pakuti pa tenda zolengezedwa poyera maina ndi mitengo ya onse ziwerengedwa mokweza pamaso pa opikisana amene abwera. Ndipo akagwa, alembe kalata ku ofesiyo kufunsa chimene chidamgwetsa, kuti ulendo wachiwiri ayese kulemba ndi dzanja lake.